Mchenga woumbika wa m'thireyi ya mphaka: nyenyezi 4, fumbi ndiye lachotsa yachisanu

Ndagwiritsa ntchito mchenga uwu kwa miyezi 8. Ndi wa dongo la bentonite, lija limafufuma likanyowa, ndiye mphaka akakodza pamalopo pamaumbika mbulu umodzi wolimba woti ungotola ndi kafosholo. Ine ndinaugula pofuna kuthana ndi fungo basi.

Mphaka wanga ndi wamphongo, wofulidwa, wa zaka 5, ndipo ndi wonenepa ndithu. Tsiku lililonse ndinkatola mibulu iwiri kapena itatu, uliwonse kukula ngati dzira. M'mawa wina ndinapeza timibulu tambirimbiri, tating'ono ngati mabatani a malaya, tili mbwee m'thireyi monse, kamodzi kofiirira pang'ono. Madzulo ake ndinamuona akulowa, kunjuta nthawi yaitali mchira ukunjenjemera, kulira chapansipansi, n'kutuluka osasiya kanthu. Pasanathe mphindi 10 wabwereranso. Akatuluka ankangokhalira kudzinyambita kumaliseche.

Ndinati wadzimbidwa ameneyu, tiona mawa. Kunena zoona, mphaka amene akulephera kukodza ndi amene akulephera kuchita chimbudzi amanjuta mofanana kwambiri, ndipo ukamuonera patali sungasiyanitse. Chinandibweza maganizo ndi thireyi. Chimbudzi chake cha m'mawa chinali momwemo, chabwinobwino, koma kuyambira masana panalibe mbulu wa mkodzo ngakhale umodzi. Wodzimbidwa amasiya chimbudzi chouma gwa, chodukaduka, kapena amatha masiku awiri osachita, koma kukodza amakodza. Ndi mchenga wakale uja wosaumbika ndikanangoona kuti pansi m'ponyowa, osadziwa kuti ndi zadzulo kapena zalero.

Usiku womwewo tinali kwa dokotala wa ziweto. Atamugwira pamimba anapeza chikhodzodzo chitatupa, cholimba ngati mpira. Njira ya mkodzo inali itatsekeka ndi timiyala topangika mu mkodzo totchedwa struvite. Adokotala anati amphaka aamuna ndiwo amatsekeka kawirikawiri chifukwa njira yawo ndi yaitali komanso yopapatiza, ndipo ikatsekeka kotheratu impso zimasiya ntchito, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka kusokoneza mtima, mphaka n'kufa m'masiku awiri kapena atatu. Anamugoneka, kumuika kachubu kotulutsira mkodzo ndi diripi. Mwayi wake sindinamupatse mankhwala a anthu kunyumba. Piritsi limodzi la paracetamol ndi lokwanira kupha mphaka. Pano amadya chakudya chonyowa chimene adokotala anamulembera, ndipo mbale za madzi ndaika zitatu m'malo osiyanasiyana.

Zoipa zake nazo zilipo. Fumbi ndi lambiri pothira, moti ndimathirira panja, apo ayi ndiyetsemula mpaka misozi. Timchenga timamatirira kumapazi a mphaka n'kufika mpaka pabedi. Thumba lake ndi lolemera zedi, ndipo musayerekeze kutaya mibuluyo m'toileti, imatseka mapaipi. Mtundu wake ndi wotuwa, choncho magazi ochepa saoneka msanga. Ndikakayika ndimaphwanyira mbulu papepala loyera. Mukathira wochepa, mkodzo umafika pansi n'kumata ngati simenti, ndiye ine ndimathira wokuya masentimita 7 kapena 8.

Chinanso, ngati muli ndi amphaka awiri ogwiritsa ntchito thireyi imodzi, simungadziwe kuti mbulu uwu ndi wa ndani. Mchemwali wanga ali ndi awiri, ndipo anachita kugula mathireyi atatu, komabe mmodzi akamukayikitsa amamutsekera m'chipinda payekha usiku umodzi kuti awerenge bwino.

Ndigulanso, koma wopanda perefyumu. Wonunkhira uja nditauyesa, wanga anaukana n'kukakodza m'bafa.