Relay ya sitata pa Beetle yanga ya 1972, mmene yakhalira patatha miyezi yambiri

Ndinalonjeza kuti ndidzanena mmene relay ija (kaswichi ka magetsi komwe ndinaika pa sitata) yagwirira ntchito ikakhalitsa, nde nayi nkhani yake. Amene simunamve poyamba, galimoto ndi VW Beetle ya 1972, injini ya 1600, magetsi a 12V, ndinaikonza pang'onopang'ono kuchokera pansi. Vuto linali lodziwika lija la ma Beetle akale: m'mawa ikulira bwinobwino, koma ukayenda kamtunda injini nkutentha, ukazimitsa nkufuna kuliza kachiwiri sitata imangoti "tiki" basi, nthawi zina ngakhale tikiyo osamveka, udikire izizire kapena upeze anthu okukankha.

Relay ndinayika ndipo mpaka lero ikugwira, sinandisiyepo panjira. Koma chimene ndikufuna munthu amve ndi chakuti relay yokha imabisa matenda, siichiza. Chimene chinachiza galimotoyi ndi multimeter (chida choyezera magetsi) komanso kutsuka malo olumikiza mawaya.

Tiyambe ndi chifukwa chake vutoli limakonda Beetle. Batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, sitata ili kumbuyo komweko pa giyabokosi, koma swichi ya makiyi ili kutsogolo pa chiwongolero. Ndiye magetsi oti akankhe solenoid (swichi ya maginito yokhala pa sitata, yomwe imaidzutsa) amachoka kumbuyo, kupita kutsogolo, kudutsa mu swichi yomwe yagwira ntchito zaka zoposa 50, nkubwereranso kumbuyo pa waya wa nambala 50, ulendo wonsewo kudutsa timapini tambiri tadzimbiri. Paliponse pamene pali dzimbiri ma volt amatsalira. Solenoid pa kamphindi koyamba imakoka mphamvu yambiri, ma amp cha m'ma 30, ndipo ikatentha waya wa kopa wam'kati mwake umalimba kudutsitsa magetsi, nde ma volt ochepa aja sakwanitsanso kuikoka. Batire ikhoza kukhala yatsopano yowerenga 12.6V koma pa sitata pakufika zochepa kwambiri.

Relay imafupikitsa ulendowo. Waya wa 50 wochokera ku makiyi umalowa pa pini 86 ya relay, pa 85 pamapita earth (waya wolumikiza ku chitsulo cha galimoto), pa 30 pamabwera waya wonenepa wochokera ku batire kudzera pa fiyuzi, ndipo 87 imapita ku solenoid. Swichi ya makiyi imangotsala ndi kantchito kodzutsa relay, kosafika ngakhale 1 amp, zomwe zimaithandizanso kuti isapse msanga. Pa ichi chokha ndimaiyamikira.

Koma kit ya relay ndi mawaya ake yomwe ndinagula, eee, sindingaitame yonse. Relay yeniyeniyo ndi yabwino, mawaya ake ndiwo anali a chisawawa, timapini tinangopanidwa mosalimba moti kamodzi kanasolola nditangokoka ndi zala, ndinadula tonse nkuika tina, kupana ndi pulaya yoyenera nkuvala ka chubu kofota ndi moto kaja. Malangizo ake ankati muimange pafupi ndi sitata kunsi kwa galimoto, ine ndinakana, kumeneko ndi kwa madzi ndi matope ndipo relay yake si yotsekeka bwino. Ndinaiyika pansi pa mpando pafupi ndi batire, pouma, ndipo ndikaiyang'ana pano timapini tikuwalabe.

Chinandiwonetsa kuti nkhani siinathe ndi chakuti relay ili pomwepo sitata imazungulira inde, koma mwaulesi ikatentha, ngati munthu wodzutsidwa pakati pa tulo. Apa mpamene ndinayeza ma volt otayika, ndipo ndikupempha aliyense aphunzire kayezedwe aka chifukwa kuyeza ma ohm pa waya wonenepa sikuonetsa kanthu, kawaya kamodzi kotsala mkati kamakupusitsa kuti zonse zili bwino. Umayeza wina akuliza galimoto. Chingwe chimodzi cha multimeter pa mutu wa batire wa positive, china pa bawuti ya 30 pa sitata, pasapitirire 0.5V. Kenako mutu wa negative ndi thupi la sitata, pamenepa pamafunika pochepa kwambiri, cha m'ma 0.2V. Kwanga mbali ya earth inkataya kupitirira volt yathunthu. Batire nayo poliza isatsike kupyola 9.6V, yanga inali bwino.

Wolakwa anali lamba wa earth uja woluka, wochoka pa giyabokosi kupita ku chassis. Giyabokosi ya Beetle imakhala pa ma rabala, ndiye popanda lambayu magetsi a sitata alibe njira yabwino yobwerera. Ukamuona ndi maso amaoneka wabwino, koma pansi pa nati panali utoto watsopano ndi dzimbiri lobiriwira. Amene mukupenta galimoto zanu samalani apa, utoto wokongolawo sudutsa magetsi. Ndinapala mpaka chitsulo kuwala, lamba watsopano, kagirizi pamwamba, ndinachitanso chimodzimodzi pa earth ya batire. Sitata inasintha kulira kwake tsiku lomwelo. Ndinayesa kuchotsa relay kaye kuti ndione, galimoto inalira ili yotentha popanda relay, ndinaibwezera chabe chifukwa chofuna kuteteza swichi.

Bushi ya sitata yomwe imakhala mu giyabokosi ndinasinthanso, ikatha shafti imagwedera nkumakhula mkati. Kanthu kakang'ono koma ambiri amagula sitata yatsopano nkusiya bushi yakale.

Patapita miyezi kunabwera vuto lina lomwe poyamba limaoneka ngati la mafuta: ndikuyenda injini imadula kamphindi nkubwerera, makamaka pa mabampu. Relay inalibe mlandu, mbali ya sitata ndi mbali ya moto wa mapulagi ndi njira ziwiri zosiyana, sitata ikuzungulira bwino osamavutika nayo. Ndinapita pa koyilo. Waya wakuda pa nambala 15 ndiye umabweretsa magetsi kuchokera ku makiyi, wobiriwira pa nambala 1 umapita ku ma point (tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo) ndi condenser. Pa 15 pomwepo pamadyeranso choke ya magetsi ndi ka solenoid ka pa kabuleta kodula mafuta ukazimitsa, nde kapini kamodzi kakamasuka zinthu zingapo zimasokonekera limodzi. Ndinagwedeza waya wakuda injini ikulira, inazima pompo. Kapini katsopano, vuto linatha. Dziwaninso kuti waya wakudawu sudutsa pa fiyuzi, ukakhudza chitsulo umapsa utali wake wonse mpaka kutsogolo, choncho umangeni kutali ndi lamba wa fani ndi malo otentha.

Ma point ndikugwiritsabe ntchito, sindinapite ku zamagetsi zatsopanozi zolowa m'malo mwake ngakhale anzanga amandikakamiza. Mpata wake ndi 0.4 mm, ndipo ma point atsopano amatseka okha pang'ono pa miyezi yoyamba chifukwa kapulasitiki kokhula pa cam (kachitsulo kozungulira kotsegula ma point) kamadyeka, mpata ukachepa timing (nthawi yomwe moto umafika pa mapulagi) nayo imachedwa, ndiye ndimayang'ana mpata kaye kenako timing, ndi kudontheza kagirizi pa cam. Osasiya makiyi ali on injini isakulira, ma point akakhala otseka koyilo imatentha kwambiri.

Kodi ndingagulenso kit imeneyi? Relay inde, mawaya ake ayi, bola kugula relay wamba ya mapini anayi ya 30A kapena 40A, fiyuzi ndi waya wabwino nkupanga wekha. Chotsala pa galimoto yanga pano ndi swichi ya makiyi, yayamba kuchita kuti uzipotokola mwamphamvu pang'ono kuti nyali za pa dashibodi ziyake, ndiye ndikufuna ndiyeze ma volt pa 15 ya koyilo ndisanaimasule. Amene munasinthapo swichi ya m'chiwongolero pa ya 1972 mundiuze ngati zatsopano zomwe zikugulitsidwa pano zikukhalitsa.