Apsley House ku London: nyumba ya Wellington, ndalama yanga sinapite pachabe

Kwa anzanga okhala kuno ku Britain amene mumakonda mbiri ya asilikali, malo awa ndi osavuta kupeza. Mukangotuluka pa siteshoni ya sitima zapansi ya Hyde Park Corner, mwafika. Muno ndi mmene ankakhala Arthur Wellesley, Duke of Wellington, mkulu wa asilikali amene pamodzi ndi Blücher wa ku Prussia anagonjetsa Napoleon ku Waterloo pa 18 Juni 1815. Nyumbayi anaigula kwa mkulu wake Richard mu 1817, ndipo mpaka lero a kubanja kwake akadali ndi zipinda zawo mommo.

Musayembekezere mizinga ndi mapu a nkhondo. Muli malupanga ndi mamendulo ndithu, koma chodzadza m'nyumbamu ndi mphatso zimene mafumu a ku Ulaya anamupatsa pomuthokoza. Poyamba ndinkaona ngati zimenezi n'zosakhudza usilikali, koma ukamayenda ndi kachipangizo komvera m'makutu kaja, mbale iliyonse ili ndi nkhondo yake kumbuyo. Ziwiya zasiliva zochokera ku Portugal, mwachitsanzo, ndi zikomo wa dzikolo chifukwa chothamangitsa Afalansa.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa masitepe. Pali chosema cha Napoleon ali maliseche, cha mwala woyera, chotalika kupitirira mamita 3, ntchito ya Canova, mmisiri wosema wa ku Italy. Napoleon mwini wakeyo sanachikonde. Boma la Britain linachigula atagonja n'kuchipereka kwa Wellington, moti anachita kulimbitsa pansi chifukwa cha kulemera kwake. Tangoganizani, madzulo aliwonse ukupita kogona, kudutsa mdani wako ali chibadwire! Ine ndinaseka ndekha mpaka mayi wina wachikulire ananditembenukira.

M'mwamba muli chipinda chachitali cha Waterloo Gallery, mmene chaka chilichonse pa 18 Juni ankadyera phwando ndi akuluakulu amene anamenya nawo nkhondo ija. Zojambula zambiri za pakhoma anazipeza pa nkhondo ya ku Vitoria mu 1813, m'katundu wa Joseph Bonaparte, mkulu wake wa Napoleon, amene ankathawa nazo kuchokera ku Spain. Wellington anafuna kuzibweza, mfumu Ferdinand VII ya ku Spain n'kumuuza kuti azisunge. Kaya ndi akuluakulu angati a nkhondo akanavutikira kubweza.

Chinandidabwitsa china n'chakuti ngwazi yomweyi, itakhala nduna yaikulu kuyambira 1828 mpaka 1830, anthu anaiswera mazenera ndi miyala mu 1831 chifukwa chokana kusintha malamulo a zisankho. Anachita kuikitsa zotchinga zachitsulo.

Maola awiri ndi okwanira. Satsegula tsiku lililonse, ndiye onani kaye pa intaneti musananyamuke. Ngati muli ndi ana amene akufuna mfuti ndi mayunifomu, kapena inuyo mukufuna kuona mmene magulu anaimira pa Waterloo, muphatikize ndi National Army Museum ku Chelsea, komwe kulowa ndi ulele. Ine ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5.