Patatha miyezi 14: chiwongolero chopapatiza chandikomera, felemu ikundidyera ndalama

Dzulo ndinakatenga njinga yanga kwa makaniko. Atanditchulira ndalama zolipira ndinayamba ndakhala kaye pansi. N'chifukwa chake ndabweranso kudzalemba, poti ili yatsopano ndinaiyamikira kwambiri.

Magiya akusintha bwinobwino, mabuleki amagwira ngakhale pamvula, mawilo sanapindike. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Chimene chinandikopa pogula chinali felemu. Ndi ya kaboni, mapaipi ake ndi ophwatalala m'mbali komanso odulidwa kumbuyo kuti mphepo izidutsa mosavuta, ndipo nthambo zonse anazibisa m'kati. Wogulitsa ananena zoona kuti ukapitirira liwiro la makilomita 30 pa ola pamsewu wopanda zitunda, mphamvu zako zambiri zimathera polimbana ndi mphepo. Koma sanandiuze kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphepo yokubwezayo imagunda thupi la wopalasa, osati njinga. Ndinalipira ndalama zambiri kukonza gawo laling'onolo.

Izi ndinazimvetsa mwezi wachinayi, nditachotsa chiwongolero cha masentimita 42 chimene njinga inabwera nacho n'kuikapo cha 38. Masentimita anayi okha, koma zigongono zinabwerera m'kati, mapewa anafupikirana, chifuwa chinasiya kukola mphepo ngati thumba. Pamsewu womwe ndimadutsa mlungu ndi mlungu, pamene mphepo imandikankha kumaso, ndinayamba kupalasa ndi giya yolemerapo popanda kupuma mwawefuwefu. Masiku oyamba sizinali zokoma ayi. Potsetsereka njinga inkamveka yopepuka kutsogolo, ukangogwedeza dzanja pang'ono yakhota kale, ndipo poimirira pachitunda manja ankasowa pokokera. Pofika mlungu wachitatu thupi linazolowera. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti kupweteka kwa pakati pa mapewa, komwe kunkandiyamba ndikapalasa maola awiri, kunatheratu. Mapewa anga ndi aang'ono, chiwongolero chakale chinkanditambasula mopitirira.

Amene mumachita mipikisano samalani pogula. Bungwe la UCI, lomwe limayang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linaika lamulo loti kuyambira Januwale 2026 chiwongolero chisachepere masentimita 40 poyeza kunja ndi kunja, ndipo kuyambira 2024 zogwirira za mabuleki siziloledwa kupendekera m'kati kuposa madigiri 10. Makampani ena amayeza pakati ndi pakati pa paipi, ena kunja ndi kunja, ndipo kusiyana kwake kumakwana masentimita awiri. Changa ndi 38 pakati ndi pakati, choncho poyeza kunja ndi kunja chimafika pa 40.

Tsopano vuto lenileni. Mwezi wachisanu ndi chitatu khosi la njinga, pomwe chiwongolero chimatembenukira m'felemu, linayamba kulira, ke ke ke, ndikangoimirira kupalasa. Ndinamanga mabawuti onse, ndinathira girisi, phokoso osasiya. Makaniko atatsegula anandionetsa bering'i ya pamwamba ili ndi dzimbiri lofiirira, girisi atasanduka matope. Thukuta ndi madzi a mvula zimalowera pomwe mapaipi a mafuta a mabuleki amalowera m'felemu. Ndipo poti mapaipiwo amadutsa m'kati mwa bering'iyo, kuti aisinthe ayenera kumasula mabuleki onse awiri, kusolola mapaipi, kubwezeretsa, kuthira mafuta ena n'kuchotsa mpweya. Pa njinga yanga yakale ntchitoyi ndinkaigwira ndekha m'mphindi zochepa. Pano imadya theka la tsiku la makaniko, ndipo dzulo kanali kachiwiri.

Wogulitsa ndinamulembera ulendo woyamba uja. Anayankha patatha milungu itatu, funso lake loyamba n'kukhala loti kodi ndimatsuka njinga ndi madzi opopera mwamphamvu. Sindinachitepo zimenezo. Kenako anati mabering'i ndi zinthu zomwe zimatha, waranti siikhudza. Titakambirana kwa nthawi ananditumizira bering'i imodzi yaulere, ndalama za makaniko n'kukhala zanga. Zinandipweteka, chifukwa ndi yemweyo amene anakana kundisinthira chiwongolero tsiku logula, pomwe iye ankadziwa kuti n'chogwirana ndi stem, kapaipi kolumikiza chiwongolero kukhosi la njinga, choti ukafuna muyeso wina umagula chonse.

Lamlungu m'mawa, msewu uli zii, ndikawerama njingayo n'kuthamanga, mtima umakhululuka zonse. Lero, ndi pepala la makaniko patebulo, ndikuona kuti felemu wamba ya nthambo zoonekera ndi chiwongolero cha 38 zikanandipatsa zambiri mwa zomwe ndikukondwera nazo, ndalama zotsala n'kugulira matayala abwino. Ndamulemberanso wogulitsa kumupempha kuti atenge chiwongolero cha 42 chija, chomwe chili m'katoni, achotsereko pa mtengo wa mabering'i. Ndikudikira yankho lake.