Chitsulo chake n'chabwino, koma pa mpini anandinamiza

Kankhwangwa kosula pamanja aka ndinakagula ku Ndirande pa K18,000, kuti ndizikanyamula pokagona kuphiri. Ndinamufunsa bambo wogulitsayo kuti mpiniwo ndi wa mtengo wanji. Anati ndi muwanga wouma bwino, mpaka kulumbira kuti ndidzasiyira adzukulu.

Adzukulu ake ati? Tinanyamuka pa Likhubula kukwera ku Chambe, tinafika madzulo chiperoni chitatseka, zala zitachita dzanzi. Mlonda wa panyumba yogona alendo anatipatsa zipika zoti tiwaze, paja m'phiri la Mulanje simudula mtengo mwachisawawa, makamaka mkungudza. Nditangoyamba kuwaza, ndinamva mpini wapepuka m'manja. Chitsulo chinali chitaguluka. Chinauluka n'kudutsa pafupi penipeni ndi bondo la alamu anga amene ankakoleza moto, n'kukaboola poto wa mpunga. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Chikanawatema, tikanawanyamula bwanji usiku, njira yoterera ija, kukafika kumunsi?

Mlonda uja anatenga mpiniwo, anaupala ndi mpeni, n'kununkhiza. Anaseka. Akuti bwana, uyu ndi bulugama, wauwisinso, angomupaka oyilo wakuda wa galimoto kuti aoneke ngati mtengo wolimba. Mtengo wauwisi ukamauma, chitsulo chimatha kuyamba kugwedera osadziwa. Anachibwezeramo, anauviika m'madzi usiku wonse kuti ufufume, m'mawa n'kumanga ndi mphira. Tinawazira choncho mpaka kutsika, aliyense ataima patali.

Nditabwerera kumsika, bambo uja anakana kuti sanatchulepo muwanga. Kenako akuti ine ndi wa m'tauni, sindidziwa kugwira nkhwangwa. Ine amene ndinakula ndikuwaza nkhuni kumudzi! Ndalama anakana kubweza, ngakhale kupepesa kokha kunamukanika.

Koma chilungamo ndinene, chitsulocho chilibe mlandu. Anachisula kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndipo pa mfundo zouma zija sichinabenthuke kapena kupindika. Ukachidutsitsa tupa pang'ono chimathwa moti chimameta ubweya wa pamkono. N'chopepuka, m'chikwama sichilemetsa. Chovindikira kukamwa kwake sapereka, ndinadula chidutswa cha tayala.

Amene anandiziziritsa mtima ndi agogo ena amene amasula kuseri kwa benchi ya bambo wogulitsa uja, ndipo zikuoneka kuti iwowo ndiwo eni luso, winayu amangogula zitsulo n'kuikamo mipini yake. Anamva phokosolo, anandikodola, n'kutulutsa mpini wolemera, wokhala ndi mutu waukulu. Anaotcha mchira wa chitsulo mpaka kufiira, n'kuulowetsa pang'onopang'ono m'mutumo utsi uli tolotolo, kenako anamenyetsa mutuwo pamwala. Anandiuza kuti ndizichita chimodzimodzi ndisanayambe kuwaza. Anandilipiritsa K3,000, ndipo kuchokera pamenepo sichinagwederenso, ku Zomba ndakawazira bwinobwino.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, zonsezo ndi za agogo aja. Mukapita, pitirirani benchi yakutsogoloyo mukalankhule ndi wosula mwini, ndipo mpiniwo muupale kaye ndi chikhadabo musanatulutse ndalama.