Machezulo osulidwa ku Ndirande kuchokera ku masipuling'i a minibasi

Ndine kalipentala, shedi yanga ili ku Zingwangwa, ndipo ntchito yanga yambiri ndi zitseko, mafelemu ndi mabedi. Zida zogobera ndi zosemera zimene ndikugwirira ntchito masiku ano, zambiri sizinachokere m'sitolo. Anandisulira ndi madala ena a ku Ndirande, kuseri kwa msika, chakumene kuli anyamata okhoma mbaula ndi ndowa. Anzanga a ntchito ya matabwa akhala akundifunsa ngati zida zimenezi n'zodalirika, ndiye ndati ndilembe zimene ndaona, zokoma ndi zosakoma zomwe.

Chimene chinandipititsa kumeneko ndi mtengo wa zinthu. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chezulo chabwino chochokera kunja sichigwirika. Zotchipa zilipo ku Limbe, zonyezimira bwino m'paketi, koma mukangochiika pa mlombwa wouma kukamwa kwake kumapindika, ndipo tsiku limathera pa mwala wonolera m'malo mwa pa thabwa. Kwa madalawa ndinaitanitsa machezulo ogobera mabowo a zitseko, kasemasema, ndi kankhwangwa kosadzira. Zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa chezulo chimodzi chapamwamba cha m'sitolo. Ndalama amalandira pamanja, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba kudzera pa foni ya mnyamata wawo.

Malo ake si oti munganyadire. Ndi kashedi ka malata akale, chipala cha njerwa, mvukuto wopukusa ndi limu ya njinga, ndi chitsulo chachikulu cha lole chimene amasulirapo. Pambali pali mulu wa zitsulo zakutha zimene amagula kwa amakaniko a m'magalaja a ku Ndirande komweko ndi cha ku Makata. Koma muluwo si wongounjika. Masipuling'i a minibasi ali paokha, matupa otha ali m'chitini, zitsulo zomangira nyumba zili kutali. Nditafunsa chifukwa chake, anangoseka n'kunena kuti, "Achimwene, chitsulo chilichonse chili ndi ntchito yake. Ichi ndi cha mpeni, icho ndi cha geti."

Akunena zoona. Chimene chimachititsa kuti chitsulo chiume chikawotchedwa n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi ndi kaboni amene ali m'kati mwake. Chitsulo wamba chimene amawotcherera nacho mageti ndi mabagalabazi chimakhala ndi kaboni wosafika 0.3 peresenti, ndipo ngakhale muchiviike m'madzi kangati sichiuma mokwanira kusunga kuthwa. Sipuling'i ya galimoto nthawi zambiri imakhala ndi kaboni wa pafupifupi 0.6 peresenti, ndipo yambiri imakhalanso ndi chitsulo china chotchedwa kromiyamu pang'ono, n'chifukwa chake imauma bwino koma siphweka kuthyoka. Tupa imakhala ndi kaboni wa cha m'ma 1 peresenti kapena kuposa. Imathwa kwambiri koma ndi yosachedwa kuthetheka. Madalawa manambala amenewa sawatchula. Amatenga chitsulo n'kuchikhudzitsa pa gilayinda. Chitsulo wamba chimatulutsa moto wautali, wowongoka, wosaphulika. Sipuling'i imatulutsa moto wokhala ndi tinthambi tophulika kumapeto, ndipo tupa imaposa pamenepo. Magetsi akazima amadula kachidutswa, kukawotcha, kukaviika, n'kukamenya ndi nyundo. Kakathyoka, chitsulocho n'chabwino. Kakapindika, amaponya ku mulu wa mageti.

Kusula kwenikweni ndinganene mwachidule: amadula sipuling'i ikadali yofiira, amaiwongola, amaiphwatalitsa mpaka chida chioneke. Osula ambiri mu Blantyre muno angathe kufika pamenepo. Pamene madalawa amasiyana ndi anzawo ndi pa zimene zimatsatira, ndipo ndalama yanu mumalipirira pamenepo.

Akamaliza kusula samathamangira kuviika. Amatenthetsanso chidacho mpaka chifiire, n'kuchisiya pa njerwa kuti chizizire chokha ndi mphepo, ndipo amabwereza kangapo. Amati chitsulo chomenyedwa chimakhala ndi mkwiyo m'kati, chimafunika chipume. Ngati akufuna kuchipala ndi tupa, amachikwirira m'phulusa lotentha usiku wonse kuti chifewe. Kuumitsa amachita madzulo, dzuwa litapendeka, chifukwa masana maso amanama: chitsulo chimene chikuoneka chakuda padzuwa chingakhale chitafiira kale. Pa msomali pali maginito otsala ku sipika ya wailesi, omangidwa ndi waya. Chitsulo chikafika pa madigiri pafupifupi 770 maginito sachigwiranso, ndipo iwo akaona kuti asiya kukakamira, amabwezera chidacho pamoto kanthawi pang'ono kuti chiwonjezere kutentha, kenako n'kuchiviika mu oyilo chowongoka, kukamwa kutsogolo, akuchigwedeza m'mwamba ndi m'munsi. Oyiloyo amayamba amutenthetsa poviikamo chitsulo china chotentha. M'madzi saviikamo sipuling'i. Amati madzi amaziziritsa mwankhanza, ndipo ukamva kuti "thi" uli chigwirire mbaniro, dziwa kuti chang'ambika.

Chikatuluka mu oyilo amachiyesa ndi tupa. Ndinaona ndi maso anga tupa ikungotsetsereka pa chezulo changa, osaluma ngakhale pang'ono. Koma chida chili pamenepo n'chouma ngati galasi, mutachigwetsa pa simenti chingathetheke. Ndiye amapala mbali imodzi ndi mwala mpaka iyere, n'kuika chidacho pa chitsulo chotentha, kumbuyo kwake kokha, kukamwa kuli panja. Mumaona mtundu ukuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo: woyamba wotuwa ngati udzu wouma, kenako wofiirira, kenako wabuluu. Mtundu wa udzu umabwera pa madigiri cha m'ma 220 mpaka 230, wabuluu cha m'ma 300. Pa chezulo cha matabwa amadikira kuti wa udzu ufike kukamwa, n'kuchiviika nthawi yomweyo. Pa nkhwangwa amalola kuti udutse pang'ono, ufike pofiirira, chifukwa nkhwangwa imakumana ndi mfundo ndipo iyenera kupirira kumenya. Nthawi imeneyi salankhula ndi munthu. Kasitomala wina anabwera kudzafunsa za khasu lake, anangomukwezera dzanja kuti adikire, maso ali pa chitsulo.

Pa ntchito, machezulowa andisangalatsa. Pa paini wa ku Chikangawa amadula mosavuta ndipo sasiya ulusi m'mbali mwa bowo. Pa mlombwa ndi mbawa ndimagoba mabowo a chitseko chonse ndisanabwerere pa mwala, ndipo ndikabwerera sizitenga nthawi, chifukwa chitsulocho sichinaume mopitirira. Kumbuyo kwake n'kofewa, kotero ndikamenya ndi hamala sikuthetheka. Kasemasema ndiye wandiposa maganizo. Ndasemera bulugama wouma, uja amathyola zida, ndipo kukamwa kwake sikunagumuke. N'zolemera kuposa za m'sitolo, ndipo m'mbali mwake muli zipsera za nyundo. Ine sizindivuta, koma amene amakonda chida chosalala adzafunika kukhala nacho pa sandipepala.

Zosakoma zilipo, ndipo sindizibisa. Chezulo chimodzi, chachikulu pa onse, chinang'ambika cha pakati sabata yoyamba. Poyang'ana pamene chinathyokera, mbali ina inali yoyera koma ina inali yakuda ndi dzimbiri, kusonyeza kuti mng'alu unalimo kale sipuling'iyo isanachoke pa galimoto. Ili ndi vuto la chitsulo chakutha. Sipuling'i imene yanyamula anthu ndi matumba m'misewu yathu ya maenje zaka ndi zaka imatopa, imakhala ndi ming'alu yaing'ono yosaoneka, makamaka pafupi ndi bowo la pakati pamene pamadutsa bawuti ndi pamene inathyokera. Madalawa sanatsutse. Anachitembenuza, anagwedeza mutu, n'kundisulira china osalipiritsa. Komabe ndikanakonda akanamapala sipuling'i yonse kuti iyere asanayambe, osati kungoigogoda n'kumvera kulira kwake. Ngati mukuitanitsa, auzeni adule kutali ndi bowolo.

Mipini yawo si yabwino. Amaika mtengo uliwonse umene uli pafupi, nthawi zina wauwisi, ndipo ukauma nkhwangwa imagwedera. Ine ndinachotsa yonse n'kuika yanga. Kwa kalipentala si nkhani, koma mayi amene wagula nkhwangwa yowazira nkhuni angavulale nayo. Nthawi nayonso sasunga kwenikweni. Akati Lachitatu, werengerani Loweruka, makamaka mvula ikayandikira pamene aliyense akufuna khasu ndi chikwanje. Makala akakwera mtengo kapena akasowa, ntchito imaima, chifukwa sayatsa chipala pa chida chimodzi, amadikira ziwunjikane.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi utsi. Oyilo amene amaviikamo ndi wotsala mu injini, wakuda bii, ndipo chitsulo chikalowa umatulutsa utsi woipa umene mnyamata wopukusa mvukuto amaupuma tsiku ndi tsiku. Oyilo wotere amakhala ndi zinyalala za injini zowononga thupi. Mafuta ophikira otsala ku chiwaya cha tchipisi amaumitsa sipuling'i bwinobwino, ndipo ziwaya ku Ndirande n'zosawerengeka. Ndinawauza zimenezi, anati aganizira. Mnyamatayo amagwiranso gilayinda wopanda magalasi a m'maso. Ndi mwana waluso, amadziwa kale kuwerenga mtundu wa chitsulo, ndipo sizingakhale bwino kuti ataye diso asanafike pokhala mmisiri payekha. Chimodzi chimene amasamala nacho ndi zitsulo zokutidwa ndi zinki, monga mapaipi a madzi. Izo saika pamoto, chifukwa utsi wake woyera umadwalitsa, munthu amamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi usiku wake.

Ndiwayamikirenso pa china. Sagula chitsulo chilichonse chimene wina wabwera nacho. Ndili pomwepo, anyamata awiri anafika ndi chidutswa cha njanji m'thumba, ndipo anawabweza asanatsitse n'komwe. Chitsulo cha njanji chimauma bwino, wosula aliyense amachisirira, koma iwo anati safuna kugona ku polisi chifukwa cha khasu. Tonse timadandaula ndi kubedwa kwa zitsulo za m'misewu ndi pa milatho, ndipo wakuba saba chimene alibe kokagulitsa.

Ngati mukufuna kupitako, tengani chida chakale chofanana ndi chimene mukufuna, kapena jambulani pa katoni muyezo wake weniweni, chifukwa iwo sagwiritsa ntchito tepi kwambiri. Auzeni chimene chidacho chikadule, matabwa ofewa, ouma, nyama kapena chitsulo, pakuti mtundu umene aimire potenthetsanso chida chikachoka mu oyilo umadalira yankho lanu. Mukakhala ndi sipuling'i yanu imene sinathyoke, kapena tupa yakale, pitani nayo, mtengo umatsika. Zitsulo zomangira nyumba musavutike nazo. Zina zimauma, zina ayi, ndipo iwo adzakuuzani kuti sakulonjeza kanthu. Polandira chida, pemphani tupa muyese nokha kukamwa kwake: iyenera kuluma movutikira, pomwe kumbuyo iyenera kuluma mosavuta. Kunyumba nolani ndi mwala ndi madzi. Mukachiika pa gilayinda mpaka kukamwa kusanduke buluu, mwafewetsa chitsulocho, ndipo mudzafunika kubwerera nacho ku Ndirande kuti akachiumitsenso. Chimachitanso dzimbiri msanga nyengo ya mvula, ndiye muzichipaka mafuta pang'ono mukaweruka.