Masipuling'i a foloko yakutsogolo: a linear kapena a progressive?

Njinga yamoto ikamagwadira kutsogolo nthawi iliyonse mukagwira buleki, kapena foloko ikamagunda mpaka pansi pa kabampu kosaoneka n'komwe, masipuling'i ndiye amayamba kukayikiridwa. Nthawi zambiri amakhaladi ofewa, chifukwa fakitale imaika oti akomere aliyense, wowonda ndi wonenepa yemwe.

Musanagule kalikonse, yezani sag, kutanthauza momwe foloko imatsikira mukakhala panjinga. Tukulani tayala lakutsogolo kuti foloko itambasuke yonse, muyeze. Kenako khalani panjinga mutavala zonse zomwe mumavala pa ulendo, mnzanu ayezenso. Pa njinga zambiri za pamsewu kusiyanako kumafunika kukhala mamilimita 30 mpaka 35. Mangaponso ka cable tie pa chubu cha foloko kuti muzionera pomwe yafika mukagwira buleki mwamphamvu.

Sipuling'i ya linear waya wake amapindidwa motalikirana mofanana, ndiye kulimba kwake n'kumodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Yolembedwa 0.90 kg/mm imafinyika milimita imodzi pa makilogalamu 0.9 aliwonse, basi. Ubwino wake ndi woti mumagula yolingana ndi kulemera kwanu. A Race Tech, kampani yopanga masipuling'i, ali ndi powerengera pa intaneti pomwe mumalemba mtundu wa njinga, kulemera kwanu ndi kayendetsedwe kanu, n'kukuuzani nambala yoyenera. Mukalowa pakona muli pabuleki, mumadziwiratu momwe kutsogolo kuchitire. Koma mukaphonya nambala, mwaphonyeratu: yolimba kwambiri idzakugwedezani manja ulendo wonse.

Ya progressive, monga zomwe amapanga a Hyperpro ndi a Progressive Suspension, mbali imodzi waya wake ndi woyandikana. Foloko ikamafinyika, mbali yoyandikanayo imatsekeka kaye, ndipo yotsalayo imalimba. Pa pepala n'zokoma: kufewa pa timiyala, kulimba pa dzenje. Vuto lake ndi loti kufewa kwambiri kuja kumathera pa kulemera kwa njinga ndi kwa inuyo musananyamuke n'komwe. Chinanso, kawirikawiri amagulitsidwa potengera mtundu wa njinga osati thupi la wokwera, ndiye wa makilogalamu 60 ndi wa 110 amapatsidwa sipuling'i imodzimodzi. Oyilo wa m'foloko nayenso amavutika kugwirizana nayo, poti mphamvu yomwe ikubweza foloko imasinthasintha.

Ambiri amaiwala kuti foloko iliyonse ndi ya progressive kale. Mpweya wotsala pamwamba pa oyilo umapanikizika foloko ikamayandikira pansi. Mukawonjezera oyilo mamilimita 10, kumapeto kumalimba koma kuyambako sikusintha kwenikweni. N'chifukwa chake ine ndimakondera linear kwa munthu yemwe amayenda yekha ndipo amakonda makona. Progressive ndimaisiyira uyo amene lero ali yekha, mawa wakweza mnzake ndi zikwama, ndipo alibe nthawi yomasula foloko kawirikawiri. Kwa iyeyo ndi yabwino ndithu, kuposa ya kufakitale yomwe yatopa.

Nanga zongowonjezera kapaipi ka PVC pamwamba pa sipuling'i yakale? Kupanikiziratu sipuling'i kotereku, komwe amati preload, kumangokweza njinga, sikulimbitsa sipuling'i. Ngati mwapanikiza kwambiri kuti sag ikwane, moti njinga ikakhala yopanda munthu siitsika n'komwe, dziwani kuti sipuling'iyo ndi yofewa kwa inu.

Pa foloko za damper rod, zomwe mkati mwake muli kachubu ka timabowo, pali nkhani ina. Mkatimo oyilo amangodutsa m'timabowo, ndiye foloko imalobodoka pa buleki koma n'kuuma gwa pa bampu lakuthwa. Kuthira oyilo wokhuthala wa 15W m'malo mwa 10W kumachepetsa kugwada, koma kuumako kumawonjezeka. Komanso 10W ya kampani ina si yofanana ndi ya ina. Yang'anani nambala ya cSt pa 40°C, yomwe imasonyeza kukhuthala kwenikweni kwa oyilo. Pa foloko zoterezi ndi pomwe ma emulator, timavalavu toika pamwamba pa damper rod, amathandiza: mumakuza mabowo a damper rod ndi dirilo kuti kavalavu ndi komwe kazilamulira oyilo, n'kuphatikiza ndi sipuling'i ya linear. Ma cartridge athunthu, olowa m'malo mwa zamkati mwa foloko, a Öhlins kapena Andreani amaposa pamenepa, koma pa njinga yongopitira kuntchito mtengo wake ndi wovuta kuulungamitsa.