Mpira wa bowling: core ya symmetric kapena ya asymmetric?

Anzanga a ku Moatize ndi ku Ulongue amene mukufuna kugula mpira wanuwanu wa bowling, ganizani kawiri musanatulutse ndalama. Mpira mukauitanitsa ku Johannesburg n'kufika kuno ku Tete utabooledwa kale mabowo a zala, simungabwerere nawo mawa lake kuti akaukonze.

Lane, njira imene mumaponyamo mpira, ndi yaitali mapazi 60 kuchoka pamzere woponyera kufika pa pini yoyamba, ndipo mafuta amapakidwa pafupifupi mapazi 40 oyambirira. Pamafutapo mpira umaterereka, ukafika pouma umagwira n'kukhota, kenako umagubuduzika kupita ku mapini, timitengo timene mukufuna kugwetsa. Core, chinthu cholemera chimene chili m'kati mwa mpira, ndiyo imathandiza kuti kukhotako kuyambe liti komanso kukhale kotani.

Core ya symmetric ndi yofanana kuzungulira konse. Mpira wake umakhota mofatsa, mumauona ukubwera ndipo mumadziwa kumene ukupita. Ya asymmetric ili ndi mbali ina yolemererapo, imene amati mass bias. Ili ngati njinga imene yasenza thumba la kachewere mopendekera: ikayamba kukhota, imakhotadi. Pa lane ya mafuta ambiri zimenezi n'zabwino, ndipo zimapulumutsa munthu woponya mwaliwiro koma dzanja lake silizunguza mpira kwambiri. Mafuta akayamba kutha, mpira womwewo umagwira msanga, mphamvu n'kuthera panjira, ukafika pa mapini uli wofooka.

Pabokosi mupeza manambala awiri. RG imasonyeza ngati kulemera kwa mpira kuli chapakati kapena chakunja. Malinga ndi malamulo a USBC, bungwe loyang'anira bowling ku America, imakhala pakati pa 2.46 ndi 2.80, ndipo ikatsika mpira umayamba kugubuduzika msanga. Differential, kusiyana kwa RG yaikulu ndi yaing'ono ya mpira womwewo, siyenera kupitirira 0.060. Ikakwera, mizere ya mafuta pampira imatalikirana, choncho nthawi iliyonse mpira ukazungulira umaponda lane ndi khungu louma, n'kukhota kwambiri.

Tsono nkhani yaikulu ili pa kaboolede. Pampira pali kadontho kotchedwa pin (osati mapini ogwetsa aja), kosonyeza pamwamba pa core. Wobowola akaika pin pamwamba pa mabowo a zala, mpira umapita patali kenako n'kukhota mwadzidzidzi. Akaiika pansi pa mabowowo, umayamba msanga koma modekha. Komatu "pamwamba" ndi "pansi" sizikwanira. Chofunika ndi mtunda wochoka pa pin kufika pa PAP, malo amene mpira umazungulirapo ukangochoka m'dzanja lanu, ndipo aliyense ali ndi PAP yake. Pa mpira wa symmetric, mtunda wa mainchesi 3 ndi 3/8 ndi umene umatulutsa mphamvu zonse za core, pomwe wa mainchesi 5 umauchedwetsa. N'chifukwa chake kukopera kaboolede ka achimwene anu n'kutaya ndalama. Wobowola amene sanakuoneni mukuponya akungolota. Ngati simungapiteko, mutumizireni kanema wooneka bwino. Ndipo musadalire bowo lowonjezera lokonzera kulemera monga ankachitira kale, USBC inaliletsa kuyambira pa 1 August 2020.

Mpira wa asymmetric umamva kwambiri kaboolede, chifukwa wobowola amasankhanso poika mass bias. M'manja mwa katswiri ndi mwayi, m'manja mwa wongoyerekeza ndi tsoka. Wa symmetric umakhululuka.

Ine ndikuti mpira woyamba ukhale wa symmetric, pin pa mainchesi 4 kapena 5 kuchoka pa PAP. Ukamakana kukhota, musathamangire kugula wina. Kafukufuku wa USBC anapeza kuti khungu la mpira limaposa core pa kayendedwe, ndiye kuupala ndi sandipepala yokhakhalako ya 2000 m'malo mwa yosalala ya 4000 kumausintha kwambiri pa mtengo wochepa. Wa asymmetric udzakhale wachiwiri, mukadziwa dzanja lanu.

Uliwonse umene mugule, musausiye m'galimoto padzuwa la October la kuno ku Tete. Khungu la reactive resin, limene limakuta mipira yokhota ngati imeneyi, limatuluka mafuta likatenthedwa, ndipo limatha kung'aluka, kawirikawiri kuyambira pakati pa mabowo a zala.